Pa Cipata ca Kazembe Sipagulitsidwa Viza

Mkulu wina wa kwathu kuno ku Chinyunyu anagulitsa ng'ombe zace ziwiri zolimira, napereka ndalama zonse kwa mnyamata wobvala bwino wocokera ku Lusaka. Mnyamatayo anati ali ndi mbale wace mu ofesi ya kazembe wa ku Mangalande, ndipo adzapezera mwana wa mkuluyo viza ndi nchito yosamalira okalamba kutsidya kwa nyanja. Kufikira lero mwanayo ali pamudzi, khola liri pululu. Nditamfunsa mkuluyo cifukwa cimene sanapite kukadzionera yekha, anandiyankha kuti, "Kumeneko nkwa azungu, mwana wanga, ife sitipondako."

Mau amenewa ndiwo andilembetsa nkhani ino. Mantha otere ndi otsala a nthawi ya atsamunda, ndipo akuba akudyerapo.

Ofesi imene tikunenayi siiri kumwamba ai. Iri mu mseu wa Independence Avenue, ku dera la Ridgeway. Kucokera pa akasupe athu a madzi otentha, ulendo wace sukwana makilomita 100, kutsata mseu wa Great East Road kudzera pa Chongwe. Nzoona kuti pamene likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka m'caka ca 1935, mtunda umenewu anaukonzera Boma la atsamunda ndi azungu ace, ndipo munthu wakuda anali kufikako monga wanchito cabe. Koma zimenezo zinatha pa 24 October 1964.

Taonani zimene ziri m'mbali mwa mseuwo lero. Mukacoka m'tauni muyamba mwaona cifanizo ca Freedom Statue, ca munthu wodula unyolo, cimene cinaimikidwa mu 1974. Mukakwera mtunda mupeza khoti lalikulu la High Court ndi chalichi ca Cathedral of the Holy Cross, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Patsogolo pace pali maofesi a Cabinet, ndipo moyang'anana nao pali Embassy Park, pamene pagona atsogoleri athu asanu: a Mwanawasa (2008), a Chiluba (2011), a Sata (2014), a Kaunda (2021) ndi a Banda (2022). Ofesi ya kazembeyo iri pafupi pomwepo, ndipo akazembe a maiko ena ambiri ali ku Longacres, mtunda woyenda ndi miyendo. Kodi malo amene tinaikako atsogoleri athu angakhale oletsedwa kwa ife eni dziko? Akazembewo ndi alendo athu, okhala kuno mwa cilolezo ca Boma lathu.

Tsono tidziwe cilongosoko cace. Pasipoti ya mwana wa Zambia imaperekedwa ndi Boma la Zambia, osati kazembe wa dziko lina. Viza ndiyo cilolezo ca dziko limene munthu afuna kupitako. Ya ku Mangalande imapemphedwa pa intaneti, malipiro ace ndi odziwika ndipo ali ndi lisiti, komanso wopempha amaonekera yekha kuti atengedwe zidindo za zala. Mlonda wa pacipata, kalaliki kapena mbale wa kalaliki alibe mphamvu yakubvomereza pempho. Munthu amene akulonjezani viza pansi pa mtengo, nafuna ndalama m'manja, akugulitsani mphepo.

Sindinena kuti acinyamata asafune mwai kunja. Ena apita mwa njira yoyenera ndipo akuthandiza makolo ao. Cimene ndikana ndi kutaya cuma ca banja cifukwa ca manyazi akufunsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Inu amfumu ndi manduna, musalole mlendo kusonkhetsa ndalama za maviza m'midzi mwanu osayamba mwadziwitsa apolisi kapena ofesi ya Boma ya m'dera la Rufunsa. Inu makolo, musanamasule ng'ombe m'khola, tumani mwana wodziwa kuwerenga akwere basi, akafunse ku Lusaka. Mtengo wa tikiti ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi ng'ombe ziwiri zimene mkulu uja sadzalimiranso.