Pakhomo Pathu: Mayeso akulu sakonzekera mwana yekha



Ulendo uno nkhani yathu yachokera kwa abale athu a m'dera la Chigaru, cha ku Lirangwe m'boma la Blantyre, koma ikukhudzanso ife tonse a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Kuchokera pa Lirangwe, minibasi imodzi yokha imamufikitsa munthu mu mzinda wa Blantyre, kumene kuli masukulu a ukachenjede a MUBAS ndi KUHeS. Komabe kwa mwana wa pa sekondale yoyendera, ulendo umenewu ndi wautali zedi. Chimautalikitsa ndi mayeso.

Ena a ife tikukumbukira kuti mwana akakhoza MSCE ankakalembanso mayeso ena olowera ku University of Malawi. Lero mayeso amenewo kulibenso. Bungwe la NCHE ndilo limalandira makalata a ofuna malo m'mayunivesite a boma, ndipo chimene chimayang'anidwa ndi zotsatira za MSCE. Tsono mayeso a Folomu 4, amene amalembetsa a MANEB, ndiwo khomo lenileni.

Tiyenera kudziwa m'mene amawerengera. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndiye kupambana kwambiri, 9 ndiye kulephera. Wofuna ku yunivesite ayenera kupeza nambala yosapitirira 6 m'maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo Chingelezi chikhale momwemo. Nambalazo amaziwonkhetsa: mapointi akachepa, mwayi umakula. Mwana angathe kukhoza bwino Masamu ndi Bayoloje, koma akapeza 7 pa Chingelezi, khomo latsekeka. Wofuna udokotala sangathawe maphunziro a sayansi, ndipo kusankha kwake kumachitika polowa Folomu 3. M'mera mpoyamba. Kodi ndi angati a ife amene tinafunsapo mwana maphunziro amene anasankha?

Makolo ambiri amati, ife sitinapite patali ndi sukulu, tingathandize chiyani? Pali chifukwa chake. M'nthawi ya atsamunda masukulu ambiri anali a mishoni, ndipo agogo athu ankawapewa poopa kuti ana ataya chipembedzo. Mantha amenewo anali ndi maziko, koma anatisiya m'mbuyo. Ngakhale pulayimale inakhala yaulere mu 1994, mpata uja sunatsekeke wonse. Komatu chimene mwana wa Folomu 4 akuchisowa kwa ife si kumuphunzitsa Masamu. Akusowa nthawi, ndipo nthawi ya mwana ili m'manja mwa makolo.

Kwa Chigaru mnyamata amatumidwa ndi njinga kukagulitsa katundu pa msika wa Lunzu. Kunyanja amagona pamadzi ndi asodzi a usipa. Mtsikana kulikonse ntchito yake ndi imodzimodzi: kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika, kulera mng'ono wake. Akamatsegula buku maso ali olemera kale. Tiyeni tigwirizane pabanja kuti chaka chimodzi chokhachi ntchito zina azisenze ena. Nyali ya sola ikhale yake madzulo. Foni ndi wailesi zikhale chete ikatha swala ya Isha. Ndipo nkhani ya nikah iyambe yadikira.

Chisilamu chinatipatsa kale ndondomeko ya tsiku. Mwana wodzukira Fajr ali ndi ola labwino lowerengera, mutu uli wopepuka, ndiponso kunja kusanatenthe monga kumatenthera ku chigwa cha Shire ndi kunyanja. Za Ramadan tiwerengeretu, pakuti imabwerera m'mbuyo masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse. Mu 2016 inagwa mu Juni, nyengo ya mayeso. Mu 2025 inagwa mu Malichi, nyengo yobwereza zimene anaphunzira. Wosala awerenge zovuta akangodya daku, zopepuka azisiyire masana. Apeze mapepala a mayeso a zaka zapitazo, aziyankha ali ndi wotchi pambali, aphunzitsi amuchongere.

Pali msampha umodzi woti tiutchule dzina lake: likasa. Mayeso akayandikira amatuluka anthu onena kuti ali ndi mapepala, ndipo nthawi zina ndalama yogulira imachokera m'thumba la kholo. Tisaiwale za 2020. Mayeso a MSCE anaimitsidwa mu Novembala chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Kubera mayeso ndi chinyengo, ndipo chinyengo ndi haramu. Satifiketi yotero idzamudyetsa mwana chakudya chokayikitsa moyo wake wonse.

Amene fizi ikuwavuta asakhale chete. Afotokozere a Shehe ndi akomiti a pa mzikiti nthawi ikadalipo, afunsenso za thandizo la mabungwe monga Islamic Zakaat Fund. Mutu umodzi susenza denga.

Tikachita mbali yathu, tikweze manja kupempha duwa, zotsala tisiyire Allah. Insha Allah, namwino ndi dokotala wa mawa adzachokera pakhomo pathu pomwe.

Wassalam.