INJINI ZA DIZILO PANSI PA NTHAKA: WOLIPIRA NDANI?

Lole ikafuka utsi pamsewu, mphepo imauuluza ndipo anthu amaiwala. Pansi pa mgodi mphepo kulibe. Utsi wonse wa makina onyamula miyala umakhala momwemo kufikira mafani akuluakulu ataukankhira kunja, ndipo nthawi yonseyo wantchito ali kuupuma.

M'chaka cha 2012 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linagamula kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Umboni wina wamphamvu unachokera ku United States, kumene akatswiri analondola umoyo wa antchito opitirira 12,000 a m'migodi isanu ndi itatu. Choopsa chenicheni ndi mwaye wosaoneka ndi maso, umene umalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo. Nchifukwa chake malamulo akhwima. Ku United States malire a mwaye mu mpweya wa m'migodi anawatsitsa mu 2008, ndipo ku Ulaya lamulo la Stage V, limene linayamba kugwira ntchito mu 2019, linachititsa kuti injini zambiri zatsopano zikhale ndi sefa yokola mwayewo.

Tsono mkulu wa mgodi wofuna kugula makina ali pa mphambano. Injini yachikale njotsika mtengo, imamwa dizilo aliyense, ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Injini yamakono njodula, ndiponso iri ndi mwambo wake. Imafuna dizilo amene sulufule wake sapitirira magawo 15 pa miliyoni. Ikamwa wakuda, sefa imaonongeka msanga. Zina zimafunanso madzi a yuriya ochepetsa mpweya wina woipa, ndipo zikadwala amazipima ndi kompyuta. Wogula injini yotere asanatsimikize za mafuta ndi amisiri wataya ndalama, pakuti sefa yotsekeka anthu otanganidwa sachedwa kuichotsa.

Komabe kutsika mtengo kwa injini yachikale nkonyenga. Utsi ukachuluka, mafani ayenera kukankha mpweya wochuluka, ndipo mafani amadya magetsi usana ndi usiku. Kwa zaka zambiri lamulo la ku Ontario, m'dziko la Canada, linkayeza mpweya wofunika m'mgodi potsata mphamvu ya injini iriyonse imene iri pansipo. Mpomveka kuti komweko mgodi wa golide wa Borden unatsegulidwa mu 2019 ndi makina oyendera mabatire. Mgodi wakuya ngati wa Mufulira ku Zambia, dziko limene magetsi anasowa zedi mu 2024 madzi atatsika ku Kariba, sungachipeputse chiwerengero chimenechi.

Ndalama zimene sizioneka m'mabuku a kampani ndizo za mapapo. A Malaŵi amazidziwa. Amuna ambiri amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela anabwerako akutsokomola ndi fumbi la miyala, ndipo khoti la ku South Africa linavomereza chipepeso cha R5 biliyoni kwa odwala otere mu 2019, ambiri atagona kale kumanda. Khansa ya utsi nayonso siifulumira. Imatha kudikira zaka makumi awiri, mwini makina atasintha kale.

Choncho boma lopereka chilolezo cha mgodi lifunse za injini, za mafuta ake, ndi za chipangizo choyezera mwaye pamalo pamene munthu aimirira. Lifunsenso kuti achinyamata otsiriza sukulu amene adzasamale masefawo aphunzitsidwa kuti.