Ku San Juan tsikani muyende wapansi

Sitima yapamadzi ya alendo ikakocheza ku San Juan, likulu la Puerto Rico, ambiri amathamangira mabasi amene kampani ya sitimayo yawakonzera, pamtengo wokwera ndithu. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kutaya ndalama. Tauni yakale ya San Juan, imene Asipanishi anaikhazikitsa mu 1521, ili pa kachilumba kakang'ono, ndipo ngati sitima yanu yaima padoko la m'tauni yakaleyo, mukangotsika ndiye kuti mwafika kale. Yendani wapansi, koma muvale nsapato zafulati, chifukwa timisewu take n'tokwera, komanso anayalamo timiyala tamtundu wabuluu timene timaterera kukagwa mvula. Dzerani ku Paseo de la Princesa, mulowere pachipata chofiira cha Puerta de San Juan, mukwere kukaona tchalitchi chachikulu momwe muli manda a Juan Ponce de León. Kunsonga kwa chilumbacho kuli El Morro, linga limene anayamba kulimanga mu 1539, lomwe mizinga yake inabweza Francis Drake mu 1595. Lero pakapinga wa kutsogolo kwake ana amaulutsa makaiti, mphepo yakunyanja ili kuu. Njala ikakupotokolani, itanitsani mofongo, nthochi zosapsa zokazinga zimene amazisinja mu kamtondo pamodzi ndi adyo ndi chikopa cha nkhumba. Koma wotchi muziiyang'ana pafupipafupi. Mabasi a kampani aja akachedwa sitima imadikira, pomwe woyenda payekha imamusiya, choncho bwererani kudoko kudakali ola lathunthu.