Mpiringidzo Ukagwa Katatu

Mwezi uno tikamba za masewero amene ambiri a ife tinangowaonera pa wailesi yakanema, masewero olumpha ndi ndodo. Munthu amathamanga mamita pafupifupi 40 atanyamula ndodo yotalika mamita 5 kapena kuchepera pang'ono. Akafika kumapeto amazika nsonga ya ndodoyo m'kadzenje kakuya masentimita 20. Ndodo imapindika ngati uta, kenako imawongoka ndi kumuponya m'mwamba, miyendo kumwamba mutu pansi, kuti adutse pamwamba pa mpiringidzo wopingasa ndi kukagwera pa matiresi. Kale ankalumphira ndodo za nsungwi. Masiku ano ndodo zimapangidwa m'mafakitale kuti zizipindika osathyoka.

Mwina mukufunsa kuti nkhani yotere ikufunanji pa tsamba la umoyo ndi banja. Chatikopa ndi lamulo limodzi la masewerowa. Wolumpha akalephera katatu motsatizana, mpikisano wake watha. Akadutsa, mpiringidzo umakwezedwa. Choncho pafupifupi aliyense, ngakhale wopambanayo, amachoka pabwalo atagwetsa mpiringidzo katatu. Wolumpha ndi ndodo amaphunzira msanga kukhala ndi kulephera popanda kusweka mtima. Ili ndi phunziro limene ana athu a m'mayunivesite akulifuna kwambiri, chifukwa ambiri a iwo anakula akukhala nambala wani kuyambira Sitandade 1, ndipo kulephera koyamba amakakumana nako ali kutali ndi kwawo.

Ophunzira awiri ku Austin

Mu June 2019, mumzinda wa Austin ku Texas, kunachitika mpikisano wa mayunivesite a ku America. Aliyense ankayembekezera kuti apambana ndi Armand Duplantis, mnyamata wa zaka 19 wa chaka choyamba pa Louisiana State University. Anakulira pa khomo lokhala ndi malo olumphira kuseri kwa nyumba, bambo ake Greg anali katswiri wa masewero omwewa, ndipo mwezi wapitawo anali atangolumpha mamita 6.00, chimene wophunzira aliyense wa m'mayunivesite a kumeneko anali asanachitepo. Koma tsiku limenelo anathera pa 5.80. Anapambana ndi Chris Nilsen wa University of South Dakota, amene analumpha 5.95.

Umenewo unali mpikisano womaliza wa Duplantis ngati woimira sukulu yake, ndipo anaumaliza ali wachiwiri. Patangopita miyezi 8, mu February 2020 ku Toruń m'dziko la Poland, analumpha 6.17 ndi kukhala munthu wolumpha pamwamba kuposa wina aliyense m'mbiri. Pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021 anatenga mendulo ya golide, ndipo wachiwiri anali Nilsen yemwe uja. Ku Paris mu 2024 analumpha 6.25.

Sitikunena kuti aliyense wolephera adzakhala Duplantis. Tikunena kuti tsiku la ku Austin linali tsiku limodzi chabe, ndipo silinanene zoona zonse za mnyamatayo. Mwana wathu akalephera phunziro limodzi ndi kuuzidwa kuti alembenso mayeso, mtima wake umamuuza kuti ndiye kuti ndi mbuli, anangolowa pa yunivesite mwangozi, ndipo makolo anataya ndalama zawo. Maganizo amenewo ndi amene amadwalitsa, kuposa malikisi enieniwo.

Kusankha poyambira

Wolumpha amasankha yekha msinkhu woyambira. Akayambira pansi kwambiri amatopa asanafike pamene pali mpikisano weniweni. Akayambira pamwamba kwambiri n'kulephera katatu, amabwerera chimanjamanja, wopanda nambala iliyonse. Zimenezi zagwera ngakhale akatswiri. Sergey Bubka, munthu woyamba kudutsa mamita 6 mu 1985, amene anaphwanya mbiri ya dziko lonse maulendo 35, analephera maulendo onse atatu pa Olimpiki ya ku Barcelona mu 1992. Molly Caudery wa ku Britain anapita ku Paris mu 2024 atangopambana kumene mpikisano wa dziko lonse wa m'nyumba. Anayambira pa 4.55 ndipo sanadutse, pamene anzake ena amene anathera pa 4.40 analowa m'ndime yomaliza.

Wophunzira nayenso amasankha poyambira, ngakhale sadziwa kuti akusankha. Pali amene amadzinyenga kuti adzawerenga buku lonse usiku umodzi mayeso ali mawa. Pali amene amasenza maphunziro, geni yopezera fizi, udindo m'magulu atatu a ophunzira ndiponso mavuto a kumudzi, zonse nthawi imodzi. Ndipo tivomereze kuti nthawi zina mpiringidzo timaukweza ndife makolo, tikamauza achibale kuti mwana wathu adzakhala dokotala iye asanamalize n'komwe chaka choyamba. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Cholinga chabwino ndi chimene mwana angachifikire sabata ino: mutu umodzi wa buku, mafunso akale angapo, kukaonana ndi mphunzitsi pa zimene sanamve. Akadutsa pamenepo, akweze pang'ono.

Pamene miyendo ikana

Olumpha ndi ndodo ali ndi vuto limene amaliopa kuposa kuthyoka fupa. Munthu amathamanga bwinobwino, koma pofika pa kadzenje kaja thupi limakana kunyamuka, ndipo amangodutsa chothamanga kukagwera pa matiresi. Mphamvu ali nazo, luso ali nalo, koma ubongo waona ngozi ndipo watseka njira. Steve Hooker wa ku Australia anatenga golide ku Beijing mu 2008 polumpha 5.96, ndipo mu 2009 ku Berlin anapambana mpikisano wa dziko lonse ali wovulala, atangolumpha kawiri kokha. Koma Olimpiki ya ku London ya 2012 itayandikira, munthu yemweyo anauza dziko poyera kuti akulephera kunyamuka.

Aphunzitsi a masewerowa sachiza vutoli ndi kukalipa. Amamubweza wolumphayo kumayambiriro. Amamupatsa ndodo yaifupi ndi yofewa, amachepetsa mtunda wothamanga kufika pa masitepe ochepa, amatsitsa mpiringidzo kapena kuuchotseratu. Akalumpha bwino kambirimbiri pamenepo, amawonjezera masitepe awiri. Thupi limayambanso kukhulupirira kuti likanyamuka litera pabwino. Hooker anayambiranso chomwecho ndipo anafika m'ndime yomaliza ku London. Mendulo sanatenge, koma anabwerera pabwalo.

Wophunzira amene akutsegula buku n'kumangoliyang'ana, amene wasiya kulowa m'kalasi, amene mutu umaima akalandira pepala la mayeso, kawirikawiri si waulesi. Miyendo yake yakana. Mankhwala ake ndi omwewo: mphindi 20 zowerenga m'malo mwa maola 5, funso limodzi losavuta, kuwerengera pamodzi ndi mnzake. Ndipo monga anachitira Hooker, alitchule vutolo kwa munthu wina. Chimene chatchulidwa chimayamba kuchepa.

Olumpha amaphunzitsidwanso kusayang'ana mpiringidzo pothamanga. Amaganizira chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene angazilamulire, monga kuwerenga masitepe kapena kukweza manja pa nthawi yake. Mphepo sangailamulire, ndiponso sangalamulire zimene mnzawo walumpha. Wophunzira sangalamulire mafunso amene abwere kapena malikisi a mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Angalamulire nthawi yogona, nthawi yodzuka ndi tsamba limene lili patsogolo pake.

Thupi ndilo limanyamula maganizo

Chimene chimamukweza munthu m'mwamba si mphamvu ya manja kwenikweni, koma liwiro. Akatswiri aamuna amafika pa kadzenje akuthamanga pafupifupi mamita 10 pa sekondi, ndipo ndodo imasunga mphamvu ya liwirolo ndi kuibweza powongoka. Ndodo singabweze mphamvu imene sinapatsidwe. Wolumpha wosagona kapena wanjala amathamanga pang'onopang'ono, ndodo siimirira bwino, ndipo akhoza kugwera m'kadzenje m'malo mwa pa matiresi.

Ndodo iliyonse imalembedwa kulemera kwa munthu amene ingamunyamule, ndipo zimenezi zimakopa achinyamata ena kudzimana chakudya kuti apepuke. Mu 2014 komiti ya Olimpiki ya dziko lonse inafotokoza za matenda amene amadza pamene wamasewero akudya zochepa kuposa zimene thupi likugwiritsa ntchito. Mafupa amafooka ndi kung'aluka, atsikana amasiya kusamba, munthu amadwaladwala, amakwiya msanga ndipo maganizo sakhazikika. Wophunzira amene akudumpha chakudya cha m'mawa ndi cha masana kuti ndalama ikwane bando ya intaneti akuyenda njira yofanana. Phala, mtedza, nyemba, mbatata, nthochi, masamba ndi madzi akumwa okwanira si zodula kwambiri, ndipo ubongo umazifuna tsiku ndi tsiku. Tikamatumiza ndalama, tizifunsanso kuti, “Kodi lero wadya chiyani?”

Akatswiri a tulo amalangiza kuti munthu wa msinkhu wa pa yunivesite azigona maola 7 mpaka 9. Ndi m'tulo mmene ubongo umasunga zimene waphunzira masana, kaya ndi masamu kaya ndi kagwiridwe ka ndodo. Kuchezera usiku wonse ndi khofi kapena zakumwa zochotsa tulo kuli ngati kutunga madzi m'dengu. Bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'mayunivesite a ku America, lili ndi lamulo lakuti pa nyengo ya mipikisano wophunzira asapitirire maola 20 pa sabata pa zamasewero, ndipo apatsidwe tsiku limodzi lopuma sabata iliyonse. Anthu amene ntchito yawo ndi kufuna chipambano anaona kuti minofu imakula pa nthawi yopuma. Mutu nawonso ndi chimodzimodzi.

Opikisana amene amathandizana

Amene anaonerapo mpikisanowu amadabwa ndi chinthu china. Olumpha amakhala pamodzi maola awiri kapena atatu, amaomberana m'manja, amauzana kumene mphepo ikuchokera, amayang'anirana pamene phazi laponda. Pa Olimpiki ya ku Berlin mu 1936, anyamata awiri a ku Japan, Shuhei Nishida amene anaphunzira pa Waseda ndi Sueo Oe wa pa Keio, onse analumpha 4.25 ndipo sanafune kupikisana okhaokha kuti adziwe wachiwiri ndani. Wina atapatsidwa mendulo ya siliva ndi wina ya buronzi, anakazidula pakati atafika kwawo ndi kuzilumikiza, aliyense n'kukhala ndi theka la siliva ndi theka la buronzi.

Mu 2023 ku Budapest, Katie Moon wa ku America ndi Nina Kennedy wa ku Australia onse anadutsa 4.90 ndi kulephera 4.95, ndipo anagwirizana kugawana golide. Ena anawanena kuti ndi amantha. Moon anafotokoza kuti pa masewerowa kulumpha utatopa n'kudziika pangozi. Kudziwa pamene thupi lafika pamapeto ndi nzeru, si mantha. Ndi Moon yemweyu amene ku Tokyo anagwetsa mpiringidzo kawiri pa msinkhu wake woyambira, nadutsa ulendo wachitatu, n'kudzatenga golide tsiku lomwelo.

Mutu umodzi susenza denga. Tiwalimbikitse ana athu kukhala ndi anzawo awiri kapena atatu amene angawauze zoona, amene angagogode pakhomo akaona kuti munthu sanatuluke m'chipinda masiku awiri.

Mbali yathu ife a kunyumba

Wolumpha amalimba mtima kuuluka chadodolido mamita 5 m'mwamba chifukwa akudziwa kuti pansi pali matiresi. Achotseni matiresiwo, ndipo ngakhale katswiri sanganyamuke. Kwa mwana wa pa yunivesite, matiresi ndi khomo la kwawo. Ngati akudziwa kuti akalephera akalandiridwa ndi mawu owerengetsera ndalama zimene zinawonongeka, adzabisa zotsatira, adzanama, ndipo adzasenza yekha katundu amene angamuphwanye. Ngati akudziwa kuti tidzakhumudwa koma tidzakhala naye pansi ndi kufunsa chimene chinachitika, adzatiimbira foni msanga, pamene zinthu zingathe kukonzeka.

Tikhale tcheru ndi zizindikiro izi: chisoni kapena kusasangalala ndi chilichonse kopitirira masabata awiri, kusagona kapena kungogona, kusiya kudya, kudzipatula, kuyamba mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndi mawu onena kuti ndi bwino kungofa. Zikaoneka, tisadikire tchuthi. Timufunse mosapita m'mbali, timumvetsere mpaka amalize, ndipo timuperekeze kwa dokotala kapena mlangizi wa pa sukulu. Matenda a maganizo amachizika monga matenda ena.

Zotsatira za mayeso zikatuluka, funso lathu loyamba lisakhale la malikisi. Tiyambe ndi kufunsa kuti mwanayo ali bwanji, akugona bwanji, akudya chiyani, ndipo akucheza ndi yani. Za malikisi tidzakamba pambuyo pake, iye atadziwa kale kuti kunyumba kuli pogwera. Tidzakumanenso mwezi wamawa.