Kupatsa N'kuika, Ngakhale kwa Abakha

Makolo anati kupatsa n'kuika. Nzeru yomweyi ili m'timabuku ta nthano za zithunzi ta Carl Barks wa ku America. Mu Disembala 1947, m'nthano ya Christmas on Bear Mountain, iye anayambitsa Scrooge McDuck, bakha wolemera koma woumira, malume ake a Donald Duck.

M'nthano ya A Christmas for Shacktown ya 1952, abakha afuna kukonzera ana osauka phwando la Khirisimasi. Scrooge akana kulipira kasitima koseweretsa, nati n'kopanda pake. Posakhalitsa ndalama zake zonse zigwera m'phanga lakuya, ndipo chozitulutsa ndi kasitima koteroko, kamene iye anakanyoza.

Lero osonkhanitsa timabukuti amatitsekera m'mapulasitiki kuti tisathe mtengo. Kusamala chinthu chakale n'kwabwino, komatu kabuku kamene mwana saloledwa kukakhudza kafanana ndi chuma cha Scrooge. Monga nthano za Kalulu zimakhala ndi moyo pokambidwa, izinso zimakhala ndi moyo powerengedwa. Tatsopano tilipo, popeza nthanozi zinasindikizidwanso kambirimbiri. Agogo agulireko adzukulu, awerenge nawo limodzi.