Zomera za M'miyala Zisiyidwe Pomwe Zamera

Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la South Africa kuli dera louma lotchedwa Namaqualand. Mlendo woyenda kumeneko angaganize kuti akuponda miyala yokhayokha, koma atawerama ndi kuyang'anitsitsa angaone kuti ina mwa timiyalato ili ndi moyo. Timeneti ndi tizomera totchedwa Conophytum, tambiri tosaposa nsonga ya chala, timene timasunga madzi m'masamba onenepa kuti tipirire miyezi yopanda mvula. Mitundu ina imamera pa kaphiri kamodzi kokha pa dziko lonse lapansi.

Kwa zaka zambiri akatswiri a zomera ankayenda mitunda italiitali kufunafuna tizomerati ndi kulemba malo amene atipeza. Ntchitoyo inali yabwino, pakuti nkovuta kuteteza chinthu chosadziwika. Tsoka lake, zimene analembazo, pamodzi ndi zithunzi za pa intaneti zosonyeza malo enieni, zinasanduka mapu a mbala. Kuyambira mu 2019 kuzula kunakula moopsa chifukwa anthu a ku Asia, ku Ulaya ndi ku America anayamba kulimbirana tizomerati kuti azikongoletsera nyumba. Mu 2023 boma la South Africa linaika mtundu wonse wa Conophytum pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo pofika 2024 zomera zolandidwa kwa ozembetsa zinali zitapitirira 1 miliyoni. Zambiri mwa izo sizingabwezedwe kwawo, poti wakuba sanena phiri limene anazula.

Chomvetsa chisoni nchakuti wogwidwa kawirikawiri ndi mnyamata wa m'mudzi wosowa ntchito, amene walandira kangachepe pa thumba lodzaza. Wogula uja ali phee kutsidya la nyanja, akuthirira kachomera kake pa zenera. Mlandu waukulu ndi wake, makamaka popeza tizomerati timatha kumera kuchokera ku njere m'nazale. Iye amafuna cha kutchire chifukwa nchakale ndiponso nchosowa, ndipo kusowa komweko ndiko kumakweza mtengo.

Awerengi asaganize kuti nkhaniyi nja kutali. Dziko lino nalonso lili ndi zomera zosunga madzi m'masamba, makamaka za mtundu wa aloe. M'matanthwe a phiri la Zomba mumamera Aloe mawii, ndipo Aloe mzimbana inatenga dzina lake ku Mzimba. Malawi analowa m'pangano la CITES mu 1982, ndipo mitundu yonse ya aloe, kupatula alovera wobzalidwa pakhomo, siiloledwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo. Kuno ozula ambiri safuna zokongoletsera nyumba koma mankhwala. Munthu akamva kuti alovera amachiza, amakwera phiri nazula chomera chilichonse cha masamba aminga, mizu ndi zonse.

Pamenepa pali ngozi ziwiri. Phiri limatsala lopanda chomera chimene chinatenga zaka kuti chikhwime, ndipo wodwala amamwa chinthu chimene sakuchidziwa. Madzi achikasu owawa otuluka pansi pa khungu la tsamba la aloe amatsegula m'mimba mwamphamvu. Kwa mwana wamng'ono kutsegulako kungathe madzi m'thupi, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa madzi amenewa mpang'ono pomwe. Mitundu ya kutchire siifanana mphamvu, kotero palibe angayese muyeso wake ndi maso. Ena amati makolo ankagwiritsa ntchito zomera zomwezi. Nzoona, koma wodula tsamba limodzi amasiya chomera chili moyo, pamene wodzaza dengu kuti akagulitse pa msika sasiya kanthu. Wofuna alovera wopaka pakhungu apemphe mphukira kwa mnansi. Imagwira msanga ngakhale m'chitini.

Ofunafuna zomerazi asamalenso ndi abale a nkhadze amene amamera m'miyala momwemo. Utomoni wao woyera ngati mkaka umaotcha khungu ndipo ungaononge diso. Ukagwera m'diso, munthu atsuke ndi madzi aukhondo ambiri kwa nthawi yaitali, asatikite, kenaka athamangire ku chipatala.

Kuyenda m'mapiri kukaona zomera zosowa sikolakwa, ndipo aphunzitsi angachite bwino kupita ndi ana a sukulu m'miyezi yozizira pamene aloe wambiri amachita maluwa. Koma khasu litsale kunyumba. Wojambula chithunzi asaulule pa intaneti malo enieni, ndipo wopeza chomera chachilendo akadziwitse akatswiri a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, amene ntchito yao ndi kusunga mbiri ya zomera za dziko lino.