Ufa woyera, nyama ndi BP: zomwe tizilombo ta m'matumbo tikuchita ndi mtima wathu

Chaka chilichonse pa 29 September dziko limakumbukira tsiku la matenda a mtima. Ambiri kuno ku Dedza timaganiza kuti amenewa ndi matenda a mabwana a ku Lilongwe. Koma kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankalandira chithandizo chilichonse. N'chifukwa chake masiku ano tikuika m'manda abale omwe dzulo lomweli tinali nawo pa Swala ya Jumu'ah, ndipo tikafunsa chomwe chawatenga timangomva kuti "anangogwa".

Tikamakamba za BP timatchula mchere, fodya, kunenepa ndi kusagwira ntchito zolimbitsa thupi. Zonsezi ndi zoona. Koma akatswiri aonjezerapo china chomwe sitichiona ndi maso: mabakiteriya okhala m'matumbo mwathu.

Allah, mwa nzeru Zake, anaika m'matumbo akulu a munthu aliyense tizilombo tosawerengeka. Tambiri mwa ito si toyambitsa matenda. Timadya zomwe mimba yathu yalephera kugaya, kenako timatulutsa zinthu zomwe zimalowa m'magazi. Zomwe titulutse zimadalira zomwe ifeyo tatipatsa.

Mu 2011 gulu la Dr Stanley Hazen ku Cleveland Clinic, m'dziko la America, linaonetsa kuti mabakiteriya ena akadya choline, yemwe amapezeka kwambiri m'mazira ndi m'chiwindi, amatulutsa chinthu chotchedwa TMA. Chiwindi chathu chimasandutsa TMA kukhala TMAO. Mu 2013 gulu lomweli linapeza kuti carnitine, yemwe ndi wochuluka mu nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, amadutsa njira yomweyo. Mbewa zomwe zinali ndi TMAO wambiri zinkaundana mafuta m'mitsempha ya magazi. Atatsatira odwala oposa 4,000 kwa zaka zitatu, anaona kuti omwe anali ndi TMAO wambiri ndiwo ankadwala kwambiri mtima ndi sitiroko. Chodabwitsa chinali chakuti anthu omwe anakhala nthawi yaitali osadya nyama ankapanga TMAO wochepa kwambiri ngakhale atapatsidwa carnitine yemweyo, chifukwa mabakiteriya ogwira ntchitoyo anali atachepa m'matumbo mwawo. Izi zikuonetsa kuti vuto si nyama ya tsiku limodzi ayi, koma chizolowezi.

Akatswiri akadatsutsanabe ngati TMAO ndi amene amawononga mitsempha mwa anthu kapena amangokhala chizindikiro, pakuti nsomba nazonso zimakweza TMAO pomwe odya nsomba kawirikawiri amakhala ndi mtima wabwino. Choncho pasapezeke wosiya usipa ndi matemba chifukwa cha nkhaniyi.

Mbali yomwe akatswiri ambiri amagwirizana ndi ya zakudya za gaga, makoko ndi masamba. Mabakiteriya akadya gaga wa chimanga, nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi ndiwo zamasamba, amatulutsa timafuta tina, monga butyrate, tomwe timadyetsa khoma la matumbo ndi kuchepetsa kutupa. Anthu odya zakudya zoterezi mokwanira sadwala mtima kawirikawiri ngati omwe sadya. Mu 2015 Dr Stephen O'Keefe anasinthanitsa zakudya za anthu 20 akuda a ku Pittsburgh ndi anthu 20 a kumudzi ku KwaZulu-Natal. M'masabata awiri okha, a ku America omwe anadya chimanga ndi nyemba anayamba kupanga butyrate wochuluka, pomwe a ku South Africa omwe anadya nyama ndi zamafuta butyrate wawo anatsika.

Amalawi nafenso tili m'nkhaniyi. Mu 2012 gulu la Dr Jeffrey Gordon la ku Washington University linafalitsa kafukufuku woyerekeza anthu a m'midzi ya ku Malawi, a ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku America. Akuluakulu a ku Malawi anapezeka ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya kuposa a ku America. Chimenechi ndi chuma chomwe makolo anatisiyira osachidziwa, ndipo tikuchitaya ndi manja athu.

Taonani momwe tikudyera. Dedza imadyetsa dziko ndi nyemba, kachewere ndi kabichi. Nyemba zabwino timakagulitsa ku Chimbiya, ndalama yake tigule zakumwa zotsekemera ndi mabanzi. Kachewere wa ku Bembeke sitikumuphikanso ndi makoko ake. Akuthera pa chiwaya, m'mafuta omwe akazingira kuyambira m'mawa, ndi mchere wodzadza dzanja. Chimanga timakonola, kuviika, kuyanika ndi kugayitsa kuti ufa uyere, gaga tipatse nkhuku. Mgaiwa timauona ngati nsima ya kusukulu yogonera kapena ya nthawi ya njala, ndipo mlendo akabwera timachita manyazi kumuphikira nkhwani wotendera. Mapeto ake nkhuku zikudya bwino kuposa eni ake.

Chisilamu sichinatisiye mumdima pa nkhaniyi. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 168, Qur'an imatchula pamodzi zinthu ziwiri zofunika pa chakudya: kukhala halal ndi kukhala chabwino. Ife timafunsa kwambiri za yemwe wazinga mbuzi, ndipo timachita bwino, koma funso lachiwiri timaliiwala. Surah Al-A'raf, ndime 31, imaloleza kudya ndi kumwa koma imaletsa kupyola malire. Ndipo mu hadith yomwe anailandira Imam Tirmidhi, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anachenjeza za kudzadza mimba, natiphunzitsa kuigawa patatu: malo a chakudya, a chakumwa ndi a mpweya.

Nyama ndi halal, ndipo palibe shehe kapena dokotala yemwe angaletse chomwe Allah waloleza. Kwa mabanja ambiri m'midzi mwathu, makamaka chitsikireni mphamvu kwacha mu November 2023, vuto ndi kusowa kwa nyama ndi mazira, osati kuchuluka kwake. Mwana wonyentchera ndi mayi woyembekezera akufunika zakudya zimenezi. Chenjezoli likupita kwa omwe Allah wawatsegulira rizq, omwe kanyenya ndi chipisi zasanduka nkhomaliro ya tsiku ndi tsiku. Pa Eid ya Qurbani, kugawa nyama kwa achibale ndi osauka m'malo moidya sabata yonse kuli ndi malipiro kwa Allah, komanso kumapepuza thupi la wogawayo. Chimodzimodzi m'mwezi wa Ramadhan: kusala tsiku lonse kenako n'kudzadza mimba ndi mandasi ndi zokazinga pa futari ndi kubweza ndi dzanja lamanzere chomwe tapereka ndi lamanja.

Tichenjerenso ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kugula makapisozi pa gulosale nthawi iliyonse tikamva chimfine. Mankhwalawa sachiza chimfine, koma amapha mabakiteriya abwino pamodzi ndi oipa. Chachiwiri ndi anthu ogulitsa mankhwala "otsuka m'mimba" m'misika ndi pa WhatsApp, omwe amauza odwala kuti asiye mankhwala a BP. Kusintha kadyedwe kumathandizana ndi mankhwala a kuchipatala, sikulowa m'malo mwake.

Zoyenera kuchita sizifuna ndalama zambiri. Tibwezere mgaiwa pa mphasa, ngakhale posakaniza ndi ufa woyera. Tisunge nyemba zodya tisanagulitse. Bonongwe, chisoso, khwanya ndi mfutso zisasowe m'mbale. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, monga WHO imalangizira. Imeneyi ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Aliyense wamkulu akayezetse BP pachipatala cha boma cha Dedza kapena chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo makomiti a mizikiti apemphe azaumoyo kuti azibwera kudzayeza anthu ikatha Jumu'ah.

Imfa ili ndi nthawi yake yomwe Allah anailemba, koma thupi ndi amana, ndipo tidzafunsidwa momwe tinalisamalira. Allah atipatse thanzi, adalitse rizq yathu ndipo achize odwala athu. Ameen.